Malovu a Muazini

Zulekha anali atatopa ndi matenda, koma amene anamutopetsa kwambiri anali mwini matendawo. Amuna ake, a Faki, ndiwo anali muazini, woitanira anthu ku mapemphero a swala pamzikiti wina ku Zengeza 3, kufupi ndi Harare, ndipo tsopano anali ndi chotupa cha khansa pakhosi.

Kuchipatala ku Harare chotupacho ankachiwotcha ndi makina. Tsoka lake moto umenewo susankha: umaumitsanso tiziwalo totulutsa malovu, ndipo munthu wouma kukamwa sangaitane azana, mfuu yoitanira anthu ku swala ija. N'chifukwa chake asanawagoneke pamakinapo ankayamba awabaya jakisoni woteteza mnofu wabwinowo. Jakisoniyo amatsitsa bipi, choncho amafuna munthu amene wamwa madzi ambiri.

Kenaka mwezi wa Ramazani, wosala kudya ndi kumwa usana wonse, unakwana.

Shehe anawauza kuti wodwala ngololedwa kumasula swaumu, kusala kuja. Mwana wawo Huda, wobadwira konko, anachonderera m'Chishona chakecho mpaka mawu kumuthera. A Faki anangoti sanadumphepo swaumu chiyambire unyamata wawo, ndiye sangayambe lero chifukwa cha kabotolo ka madzi. Makani ake munthu ameneyu! Namwino Tabeth atawayeza bipi anapukusa mutu n'kubweza jakisoni uja m'kabati, a Faki n'kukagona pamakina opanda chowateteza. Posakhalitsa lilime linayamba kumata m'kamwa, ndipo tsiku lina azana ya masana inadukira pakati. Zulekha anaimva ali pamsika, akulongedza masamusa ake, ndipo anachita mantha.

M'mawa mwake, atakhala pabenchi ya kuchipatala, anatulutsa botolo m'chikwama. Sanawapatse ayi. Analitsegula yekha, anthu onse akuona.

"Bambo a Huda, ine sindikudwala, ndipo ndamanga swaumu. Mukapanda kumwa inu, ndimwa ndine. Tchimolo tikagawana konko."

Anakweza botolo mpaka linakhudza milomo. A Faki anamugwira pamkono.

"Bweretsani kuno, mayi."

Anamwa pang'onopang'ono, kumeza kulikonse kukuwawa, maso ali kukhoma ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Botolo litatha, Zulekha anakadzaza lina pampopi, ndipo nalonso a Faki anamwa. Nthawi yawo itakwana, Tabeth anawayezanso n'kutsegula kabati ija.

Zulekha sanasangalale. Anatsamira khoma, botolo lopanda kanthu lili pamiyendo, n'kuyamba kumva ludzu lake lomwe. Linayenera kudikira mpaka dzuwa litalowa.