Mawu Atawathawa Ba Lemmy

Ba Lemmy Mwanza anaphunzitsa Chinyanja zaka zambiri pa sekondale ina mu Kafue. Atapuma ntchito, ana a Giredi 12 ankawatsatabe kwawo ku Nangongwe, n'kumakhala pa mabenchi kuseri kwa nyumba kuti awaphunzitse ndakatulo. Akazi awo anamwalira kale. Ankakhala ndi mwana wawo wotsiriza, Violet, amene nayenso ankalemba mayeso chaka chomwecho.

Mu Julaye Ba Lemmy anadwala sitiroko. Anatuluka m'chipatala akukoka mwendo wamanja, pakamwa patakhota. Nzeru zinalipo, koma mawu ankawasokonekera. Akafuna madzi ankapempha mchere.

Sanalole kuti maphunziro aime. Tsiku limene ana anabweranso, analemba pabolodi ndi dzanja lamanzere: Mtsinje wa Kafue ukulira.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa.

"Ni umunthu, ba ticha," anayankha mnyamata wina, Derrick. "Mtsinje aupatsa zochita za munthu."

"Iyayi. Ni chibwereza."

Ana anayang'anana.

"Koma ba ticha, chibwereza si kubwereza mawu amodzimodzi? Ndimwe munatiuza."

Ba Lemmy anatembenukira kwa mwana wawo. "Nakamba chani ine?"

"Mwakamba chibwereza, atate," anatero Violet, maso ali pansi.

Mtsikana wina anaseka, kenako n'kudzigwira pakamwa. Ba Lemmy anayang'ana bolodi nthawi yaitali, mpaka choko chinathyokera m'manja mwawo.

Ana anayamba kuchepa. Pofika Seputembala panatsala Violet yekha. Masana alionse bambo ake ankamufunsa za chifanifani, za ndime, za woyankhula m'ndakatulo. Akasokoneza mawu, iye ankangovomera kuti asawapweteke mtima, n'kukawerenga zoona kuchipinda kwake.

Tsiku lina bambo ake anamuyesa dala. "Kukokomeza ni kuchepetsa chinthu. Si tero?"

"Inde, atate."

"Bodza!" Anamenya benchi ndi chikhatho. "Kukokomeza ni kukulitsa! Wakhala ukunivomera chabe monga mwana?"

Ba Lemmy analira pamaso pa Violet, zimene sanachite ngakhale pamaliro a akazi awo. Kuyambira tsikulo sanamufunsenso kanthu.

M'mawa wa tsiku la mayeso a Chinyanja, Violet atavala kale yunifomu, anamva chinthu chikugwa kubafa. Anapeza bambo ake ali gone pasimenti, diso limodzi litatsekeka. Anakuwa, ndipo Ba Winfrida a nyumba yoyandikana nayo anathamangira komweko, chitenje chili m'manja.

"Iwe yenda ku sukulu," anatero Ba Winfrida. "Nizabapeleka ine ku chipatala."

Violet anagwada kuti atsanzike. Bambo ake anamukankha pachifuwa ndi dzanja lamanzere, mwamphamvu, ngati akumuthamangitsa. Koma pakamwa pawo pankatuluka mawu ena.

"Khala... khala... khala."

"Bakuuza kuti uyende, ona kwanja," anatero Ba Winfrida.

Violet anayang'ana dzanjalo, anayang'ananso pakamwapo. Anavula chikwama n'kuwanyamula mutu. Anakwera nawo takisi, ndipo pamene anzake ankatsegula mapepala iye anali pakhonde la chipatala atagwira nsapato za bambo ake.

Akulu a sukulu anamumvera chisoni, koma anati palibe chimene angachite. Adzalembe chaka chamawa ngati wapadera.

Ba Lemmy anabwerera kunyumba osatha kuyankhula ngakhale liwu limodzi. Violet anapeza ntchito yogulitsa mugolosale ku Kafue Estates. Ankawasambitsa ndi kuwadyetsa asananyamuke, masana Ba Winfrida n'kumawasuzumira.

Zotsatira zitatuluka, ana okhoza anadutsa mumsewu akuimba ndi kuimba malikhweru. Derrick anaima pageti, nafuula kuti wakhoza Chinyanja bwino kwambiri, akufuna kuthokoza ba ticha. Ba Lemmy anamva ali pabedi. Anatembenukira kukhoma, ndipo Violet atabweretsa phala anakana kutsegula pakamwa. Iye anadikira mpaka phalalo linazizira, analivundikira ndi mbale, natuluka kukauza Derrick kuti atate agona.