Mbalame Yovala Chipewa

Mlonda wa dambo lotetezedwa ankamudziwa bwino munthu amene ankaba nsomba m'bango. Anali apongozi ake enieni, bambo a mkazi wake, mkulu wa mpingo amene akamalalikira za kuba ankachita kutuluka thukuta.

Tsono bwana wake anali atanena mosapsatira mawu: "Ndikadzapezanso mbedza m'dambo muno, yunifolomuyo udzavule." Mlonda anasowa mtengo wogwira. Ntchito ankaifuna, ana atatu si masewera, koma mkamwini angayambire pati kugwira apongozi pamkono?

Loweruka m'mawa kunabwera amayi a kwaya a mpingo womwewo kudzaona mbalame. Akuyenda nawo pakamlatho kamatabwa kodutsa pamwamba pa madzi, mlonda anaona chipewa choyera chikutsika mwachangu m'bango. Chipewacho anachita kuwagulira apongoziwo ndi iye mwini. Pomwepo kanzeru koipa kanamulowa.

"Amayi, tiime pano," ananong'ona. "Muli ndi mwayi lero. Mukuona choyera icho?"

"Eee! Ndi kakowa?" anafunsa mayi wotsogolera kwaya.

"Ayi, iyi ndi yaikulu, yosowa kwambiri. Imadya nsomba zokhazokha, koma manyazi! Tikadikira, ituluka."

Amayi anakhala pansi pamatabwa, namalandirana choonera patali. Mlonda ankadziwa kuti pamalo amenewo madzi amalekeza m'chiuno, ndipo misundu ya pamenepo siipatsa moni. Anayamba kufotokoza za abakha am'madzi, za zisa za atchete, za achule, zonse pang'onopang'ono ngati munthu amene alibe kopita. Chipewa chinagwedezeka, ndipo panamveka phaa! wa munthu wopha udzudzu.

"Ikukupiza mapiko," anatero mlonda.

"Tiiyimbire, mwina ituluka," anatero mayi wina. Anayimba nyimbo ya kulapa, ndime zonse zisanu. Mbalame sinatuluke. Anayimbanso.

Dzuwa litafika pamutu, amayi anatopa n'kupita kukakwera basi. Mlonda anatsala yekha, ndipo apa mantha anamugwira. Nanga nkhaniyi ikakafika kwa mkazi wake?

Bango linapatuka. Apongozi anatuluka ali chinyowere, matope mpaka pachifuwa, misundu ili lendelende kumiyendo. Anayang'anana nthawi yaitali. Kenaka mkuluyo anakonza chipewa chake, natambasula dzanja lomwe linali ndi ndodo ya mbedza.

"Mwana wanga, ichi ndachitola m'bangomu. Anthu ena alibe manyazi."

Mlonda analandira ndi manja awiri, mawondo atapinda pang'ono.

"Mwatithandiza, bambo. Kodi mwini wakeyo adzabweranso?"

Apongozi anazula msundu umodzi pakatumba, nauyang'anitsitsa.

"Ameneyo ndayankhula naye. Sadzabweranso."