Filimu ya pa Eda

Fauzia anali ndi nthenda imodzi: chimene wachikonda iye, aliyense achione basi. Akangoonera magawo awiri a filimu, msika wonse wa Dwangwa unkamva kuti ina yoposa imeneyo kulibe.

Ndiye mkulu wake Mwanahalima atalowa eda, miyezi ija mkazi wamasiye wa Chisilamu amabindikira pakhomo, Fauzia anati mankhwala a kusungulumwa akuwadziwa. Mwamuna wa Mwanahalima, bambo a Zainab, anali atamira panyanja, mwera utawapeza akuchokera kokapha usipa. Fauzia anapita ku Nkhotakota ndi foni yakale yopanda laini, ataikamo filimu ya magawo ambirimbiri yomasuliridwa m'Chichewa.

"Achemwali, iyi ndi yoseketsa. Mwamuna ndi mkazi, kukangana kokhakokha koma kukondana. Mudzandiuza."

Iye mwini anali ataonera koyambirira kokha.

Patapita masiku, akuyala zitenje pabenchi pake, anayamba kuitama filimuyo kwa Iness wogulitsa tomato. Iness anapukusa mutu.

"Ine ndinaimaliza. Yoseketsa pati? Kumapeto boti limatembenuka, mwamuna uja amafera m'madzi."

Fauzia sanadikire kumva zambiri. Zitenje anangomusiyira Iness osapinda n'komwe, ulendo wa ku siteji. Minibasi inali isanadzaze, kondakitala akuitanira anthu mwaulesi ngati tsikulo ndi la bambo ake. Fauzia anakwera, anatsika, anakweranso. Aimbire ndani? Apongozi a Mwanahalima? Awauze kuti wapatsa namfedwa filimu ya munthu womira? Itanyamuka, minibasiyo inkaima paliponse, apa wa thumba la makala, apo wa nkhuku, uku wina wongofunsa mtengo osakwera. Fauzia ankangopempha mumtima kuti foni ija ikhale itatha moto, kapena mwana ataigwetsera m'ndowa. Anali ndi mantha, komanso ankadzida. Pakamwa pake pomwepa ndi pamene pankamupalira moto chikhalire.

Anapeza Mwanahalima atakhala pamkeka kuseri kwa nyumba, foni ili m'manja, maso atatupa. Moni weniweni sanapereke.

"Achemwali, bweretsani foniyo. Ndinalakwitsa filimu, ndikupezerani ina."

"Ndinamaliza kale."

Fauzia anagwada pamkekapo.

"Sindinadziwe mathero ake, ndikhululukireni. Ndiifufuta pompano."

Anatambasula dzanja, koma Mwanahalima anaikumbatira foniyo pachifuwa.

"Usayerekeze. Ndimangobwereza pamene akumuvuula paja. Amamusambitsa, amamukulunga m'sanda, mkazi wake amamuona nkhope." Anapukuta galasi la foniyo ndi nsonga ya mpango wake. "Bambo a Zainab nyanja sinandibwezere, Fauzia. Ndisiyire maliro awawa, ndizilira omwewa."