Mwezi Umene Njati Inasowa

Nkhani iyi anayamba kundiuza ndi Shadreck Lungu, mkulu wina amene ndinagona kwake masiku anayi ku Riverside, ku Kitwe, mvula itanditsekereza pa ulendo wa ku Solwezi umene mpaka lero sindinaumalize. Ine ndine munthu wosakhazikika, ndipo chimene ndimatola m'njira ndi nkhani za eni ake. Shadreck anagwirapo ntchito yoyendetsa makina osindikizira ku Ndola, ndipo akuti zimene ndilembe pano zina anaziona ndi maso, zina anamva kwa mwini wake.

Ku Ndola kunali magazini yotuluka mwezi ndi mwezi, dzina lake Mbaula. Masiku amene migodi inali m'manja mwa boma, Mbaula inali yonenepa, masamba 96, ndipo oposa theka anali otsatsa malonda: matayala, mafiriji, jombo, sopo, mabatire, chilichonse chimene migodi ndi akazi a anthu a m'migodi ankagula. Owerenga ankadandaula kuti usanafike pa nkhani ya mpira umayamba wawoloka mafiriji asanu. Koma itafika nyengo yogulitsa migodi ndi mafakitale, magaziniyo inayamba kuwonda ngati galu amene eni ake anasamuka. Masamba anatsika kufika 64, kenako 48, kenako 32.

Apa m'pamene anthu anatulukira kawerengedwe katsopano. Anaona kuti kampani ikasiya kutsatsa mu Mbaula, sipatha miyezi iwiri geti lake lisanamangidwe unyolo. Ya matayala inatero. Ya mabatire inatero. Antchito ankafika m'mawa n'kupeza loko watsopano ndi alonda achilendo ogwira agalu, n'kuuzidwa kuti akadikire kalata kunyumba. Kalatayo sinkabwera. Amene anatulukako ndi kanthu ndi okhawo amene anadzinyamulira zipangizo unyolo usanafike. Choncho tsiku lotuluka Mbaula anthu ankaunjikana kwa ogulitsa nyuzi, osawerenga nkhani ngakhale imodzi, kumangotembenuza masamba ndi chala chamalovu kufunafuna chizindikiro cha kampani yawo. Wochipeza ankabweza magaziniyo osagula, n'kupita ku ntchito akuimba mluzu. Wosachipeza ankayambiranso pa tsamba loyamba.

Amene ankamata masamba a Mbaula anali Aleck Sakala, Mkatolika wa kwawo ku Petauke, wokhala ku Lubuto, mu Ndola momwemo. Ntchito yake inali kudula nkhani ndi zithunzi ndi kampeni, n'kuzimata ndi guluu pa makatoni, ndipo makatoniwo ndi amene ankapita kwa Shadreck ku makina. Aliyense ankadziwa kuti Mbaula nayonso ili pa mphasa ndipo ntchito ya Aleck ili m'masiku ake omaliza. Nyumba ya a Sakala inatsamira pa mkazi wake, Misozi, amene ankasoka maovolosi a anthu a m'migodi ku fakitale ya Njati pamodzi ndi azimayi ena oposa handiredi. Chizindikiro cha fakitaleyo, mutu wa njati pa thumba la ovolosi, chinakhala m'munsi mwa tsamba 27 zaka khumi ndi chimodzi osadumpha mwezi.

Lachiwiri lina masana, mkonzi wa magaziniyo, Terence Chanda, analowa m'chipinda cha Aleck akupukuta thukuta m'khosi.

"Ba Sakala, a sopo achoka, a penti achokanso. Mapepala atikwana masamba 28 basi. Chotsani anayi."

"Lero lomwe, bwana? Makatoni ndamata kale."

"Ba Lungu akuyatsa makina pa 15 awazi. Chotsani zimene anthu sazilira."

Magazini saichotsa tsamba limodzi. Pepala limodzi likapindidwa pakati limabala masamba anayi, awiri kutsogolo, awiri kumbuyo, ndipo ukasolola limodzi onse anayi amatuluka pamodzi. Aleck anasankha pepala la tsamba 5 ndi 6, pamene panali makalata a owerenga ndi kaphikidwe ka keke ya nthochi. Anasuzumira tsamba 28, anapeza ndi nyenyezi zolosera mwayi. Tsamba lachinayilo sanaliyang'ane. Anaponya makatoniwo kuseri kwa kabati, n'kuyamba kusintha manambala a masamba otsalawo mothamanga.

Mbaula inatuluka Lachinayi m'mawa. Aleck anali m'minibasi yochokera ku Lubuto, ndipo pambali pake panakhala mayi wina wovala duku lobiriwira, akutembenuza masamba. Anafika kumapeto, anayambiranso. Anafikanso kumapeto, anayambiranso, tsopano pang'onopang'ono, akutikita tsamba lililonse ndi zala kuti mwina awiri amatana.

"Mwe bantu," anatero mayiyo, osauza munthu. "Njati mulibe."

Kondakitala anasiya kugogoda denga. Magaziniyo inayenda m'manja mpando ndi mpando, ndipo aliyense ankaibweza osaipeza njatiyo. Aleck anakumbukira makatoni a Lachiwiri aja. Anatsika sitopu yake isanakwane, n'kuthamanga.

Katoni ya tsamba 27 anaipeza kuseri kwa kabati, njati ikumuyang'ana, fumbi litaigwira kale pa nyanga. Analowa nayo kwa mkonzi.

"Tidzapepesa mwezi wamawa," anatero Terence. "Tidzawapatsa tsamba lonse."

"Bwana, mwezi wamawa kulibe. Mukuwadziwa anthu athu."

Terence anaimba foni ku fakitale. Manejala wa kumeneko anakalipa kaye, kenako anaseka, akuti musadandaule, eni atsopano a mgodi alonjeza oda yaikulu pakatha masabata atatu, ndipo azimayi anga ndiwauza ndekha. Anawauzadi. Anamata chikalata pa geti, cha zilembo zikuluzikulu, chonena kuti fakitale ino sikutsekedwa. Tsoka lake, mawu omwewo, pafupifupi chilembo ndi chilembo, ndi amene anamatidwa pa geti la matayala kutatsala sabata imodzi kuti agalu afike.

Madzulo Aleck anapeza Misozi atakhala pa mpando wa pakhomo, yunifolomu asanavule, sizasi yake ikulendewera pa chingwe m'khosi.

"Atate ake Lulu, mukandibwerekere wilibala kwa aneba."

"Ya chiyani?"

"Ba Felistas atisonkhanitsa. Mawa pa 17 awazi, poweruka, aliyense amasula mutu wa makina ake. Ife sitikhala ngati a matayala, kulira pa geti manja ali m'chiuno."

Felistas Mwansa anali mkulu wa azimayi a pa fakitalepo, mayi amene mwamuna wake anadikira kalata ya ku mabatire mpaka kumwalira. Mawu ake sankabwezedwa.

Aleck analowa m'nyumba, anatuluka, analowanso. Akuti anafuna kukhala chete, pakuti wodziwa anali iye ndi mkonzi okha. Koma makina akachoka, fakitale idzasoka ndi chiyani? Anatulukanso n'kukhala pansi pa simenti, pafupi ndi mapazi a mkazi wake.

"Amake Lulu, Njati sinachoke. Ndinaichotsa ndine."

Anafotokoza zonse, za mapepala operewera, za masamba anayi, za keke ya nthochi. Misozi anamvetsera osaphethira.

"Zaka khumi ndi chimodzi mukuimata ndi manja anu, simudziwa pamene imakhala?"

"Ndinali pa changu."

"Changu." Anagwira sizasi ija, anaitsegula, anaitseka. "Ine ndikakanena, adzati mkazi akuikira kumbuyo mwamuna. Mukanene nokha. Mutenge katoni yanuyo."

Lachisanu nthawi ya nkhomaliro Aleck anafika pa fakitale, katoni itakulungidwa m'pulasitiki. Chimene anayamba kuona ndi mawilibala. Anali atandanda kale kuseri kwa mpanda, makumi angapo, ndipo amuna ndi alongo a azimayi aja anakhalamo ngati odikira basi. Ena anali ndi masipanala m'matumba. Palibe amene ankalankhula mokweza.

Azimayi anali pansi pa mtengo wa mango mkati mwa mpanda, palibe amene ankadya. Misozi anamutengera mwamuna wake pakati pawo n'kubwerera m'mbuyo. Aleck anatukula katoniyo m'mwamba. Analankhula m'Chibemba, anasokonezeka, anamaliza m'Chinyanja.

Felistas anadzuka, anayandikira, anakanda njatiyo ndi chikhadabo.

"Bashi Lulu," anamuitana Aleck m'Chibemba, "guluu amakhala ndi ndani ku ofesi kwanu?"

"Ndi ine, mayo."

"Mpeni?"

"Ndi ine."

"Ndiye mukafuna mutha kutimatira ndi njovu yomwe, dzuwa lisanapendeke. Manejala wakulonjezani chiyani, ovolosi yatsopano? Sayizi yanu tiuzeni, tikusokereni ife."

Ena anaseka, koma kuseka kwake kunali kwaufupi.

"Ndikulumbira pa Mulungu, mayo. Dikirani masabata atatu okha. Oda ikubwera."

"Malemu anga anauzidwa masabata awiri," anatero Felistas.

Mayi wina wachikulire, wa magalasi omangidwa ndi ulusi, analankhula ali chikhalire. "Bambo, tamvani. Ngati mukunama, ife tikadikira tatha. Ngati mukunena zoona, ndiye kuti ndinu mwatigonetsa ndi mantha ana athu akutiyang'ana. Musankhe nokha chimene mukufuna tikhulupirire."

Aleck anaona masizasi onse aja akuwala pa zifuwa. Felistas anatembenukira kwa Misozi.

"Iwe Misozi, mwamuna ndi wako. Ukumukhulupirira?"

"Ndikumukhulupirira."

"Ndiye ako makina uwasiye. Ife tinyamula athu."

Belu linalira, azimayi analowa. Aleck anapita ku ofesi ya manejala kukachenjeza, anapeza kuti mkuluyo wapita ku Kitwe kukalondola oda ija. Anachonderera mlonda wa pa geti kuti atseke, koma anakana. Njinga ya mlondayo inali itamangidwa kale mpukutu wa nsalu ya buluu pa kaliyala.

Pa 17 awazi makina onse anasiya kulira nthawi imodzi. Amuna analowa ndi masipanala. Panalibe phokoso, panalibe kuthamanga, panalibe woswa zenera. Kunkangomveka zitsulo, kwe kwe kwe, mzere ndi mzere, ndi mawilibala akulira matayala polowa ndi potuluka. Aleck anaima pa zenera akuyang'ana mkati. Matebulo ankatsala ndi mabowo pakati ngati m'kamwa mogweluka mano. Pa mzere wachitatu panatsala makina amodzi, ndipo Misozi anakhala pamenepo, manja onse awiri atawasanjika pamwamba pake.

Anakhala choncho mpaka mzere wake wonse unatha, ndi wa kutsogolo, ndi wa kumbuyo. Kenako mwamuna wina wosamudziwa anaima pambali pake ndi sipanala.

"Bamayo, ngati simuwafuna, sunthani."

Misozi anayang'ana uku ndi uku m'chiholo chija. Anayang'ana pa zenera pamene panali mwamuna wake. Ndiye anatambasula dzanja, analanda sipanala ija, n'kuyamba kumasula yekha. Anapinda chitenje chake kukhala nkhata, anzake awiri anamutwika. Pa geti Aleck anafuna kumulandira, iye anapitirira. Anayenda choncho mpaka ku Lubuto, mkazi patsogolo ndi chitsulo pamutu, mwamuna pambuyo ndi katoni m'khwapa.

Lolemba pa geti la Njati panali unyolo ndi agalu. Apolisi anazungulira ku Lubuto ndi ku Pamodzi ndi lole, anapeza makina ochepa chabe, ena onse anali atamwazika kale mpaka kuwoloka malire. Oda ya mgodi inapita kwina. Misozi ndi anzake onse ntchito inathera pomwepo.

Patapita mwezi, akuti manejala anaonetsa akuluakulu a chigwirizano cha antchito kalata ya oda ija, yosainidwa, ya deti la Lachisanu lomwelo. Mbiri inafalikira, ndipo azimayi aja tsopano anamukhulupirira Aleck. Anayamba kubwera awiriawiri, atatuatatu, kumaima kutsidya kwa msewu moyang'anana ndi nyumba ya a Sakala, dzuwa likuswa mtengo, osatukwana, osaponya mwala. Ankaima mpaka miyendo kutopa, n'kubwera ena. Aleck anasiya kutuluka. Sabata yachitatu Misozi anamanga katundu, ndipo banjalo linakwera basi ya ku Petauke. Mbaula inatulukanso kawiri, ya masamba 16, n'kuzima.

Umu ndi mmene Shadreck anandiuzira. Ine ndinapitako ku Lubuto pambuyo pake, ndinafunsafunsa. Fakitale ya Njati anthu akuikumbuka, koma gogo wina wogulitsa tomato anandiuza kuti makina anapita pa lole ya manejala mwiniwake, ndipo za kalata ya oda sanamvepo. Wina anati a Sakala anali a ku Katete ndipo anasamuka chifukwa cha matenda. Ndayenda m'matauni awa zaka zambiri, ndipo ndaona makampani amene anatsatsa mpaka tsiku lomaliza n'kutsekedwabe. Zaka zimenezo maovolosi otchipa akunja anali atadzaza kale m'masitolo a ku Kitwe. Kuti Aleck anaiwala tsamba, ndikhoza kuvomera. Koma kuti fakitale ija ikanakhalapo iye akanalitembenuza, ine ndikukayika.