Mtedza wa Apongozi Pabwalo la Ndege

Tangolotani: kodi mawu oyamba amene ndinalankhula kwa apongozi anga aakazi, maso ndi maso, popanda mkhalapakati, anali otani? Ambiri amati "Muli bwanji?" Ena amati "Zikomo." Onsewo amaphonya.

Kwathu ku Dedza mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake. Mukakumana panjira, mmodzi amapatuka. Apongozi anga atabwera ku Sheffield, mzinda wa ku Ulaya kumene tinkakhala, mu 2016 kudzatithandiza kulera khanda, mwambowo anabwera nawo. M'kanyumba kathu kothina, mkazi wanga Diana anasanduka lamya. Ine ndinkati, "Uwafunse amayi ngati agona bwino," amayiwo ali pampando womwewo. Iwo ankayankha akuyang'ana khoma, "Uwauze a Mayankho kuti ndagona."

Loweruka lililonse ndinkapita kunja kwa mzinda, kumapiri, kukaphunzira kuulutsa gilayida, ndege yopanda injini. Imakokedwa ndi chingwe chachitsulo chimene makina a kumapeto kwa bwalo amakulunga mwaliwiro, ndipo ikakwera, woyendetsa amamasula chingwecho n'kumayandama. Mphunzitsi wanga, a Thompson, mkulu wa imvi amene ankakhala mpando wakumbuyo, anali atandiuza kuti Loweruka lotsatira ndi lomaliza nyengo yachisanu isanatseke bwalo. Akakhutira nane, ndiuluka ndekha koyamba. Akapanda kukhutira, ndidikira mpaka chaka china.

"Manja ako ndilibe nawo nkhawa," anatero. "Vuto lako ndi ulemu. Pano ukaona choopsa umakuwa, kaya wolakwayo ndi ndani. Iwe sindinakumvepo ukukweza mawu."

M'mawa wa tsikulo Diana analengeza kuti amayi akufuna kukaona. Tinachedwa kunyamuka chifukwa apongozi ankasita chitenje, kenako mwana anadetsa thewera, kenako Diana anaiwala mkaka. Titafika, anzanga anali atatulutsa kale ndege zonse m'shedi, ndipo pakalabu yathu ya magilayida wofika mochedwa amauluka pomalizira.

Ndinakhala m'mawa wonse ndikukankha ndege za ena m'udzu wonyowa, ndikukoka chingwe, ndikugwira mapiko. Kumadzulo mitambo yakuda inkaunjikana pang'onopang'ono. Nthawi iliyonse ndikadutsa pafupi ndi basi yakale imene timapumiramo, kuseri kwa chingwe cha malire chimene alendo saloledwa kudutsa, uthenga unkandipeza.

"Amayi akufunsa kuti injini ili kuti."

"Uwauze kuti ilibe."

"Akuti anaichotsa ndani?"

"Diana, chonde!"

"Akutinso ngati ndiwe wophunzira kuyendetsa ndege, bwanji akukugwiritsa ntchito ya ngolo?"

Ndinapita kukakankha ndege ina. Mphepo inkaluma makutu, masokosi anali atanyowa, ndipo mkulu wina amene anali patsogolo panga anapeza mpweya wokwera n'kukakamira kumwamba ndi ndege yophunzirira ngati kuti ndi yake. Ndinkaiyang'ana ikuzungulira ngati kabawi, ndikutukwana chamumtima m'Chichewa chabwino kwambiri.

Inatera dzuwa litapendeka. Ndinavala parachuti, ndinalowa mpando wakutsogolo, a Thompson kumbuyo. Ndinamanga malamba, ndinayesa zowongolera zonse, ndinatseka chivindikiro chagalasi. Mayi wina wa m'kalabumo, Joan, anakola chingwe pansi pa ndege, anapita kunsonga ya phiko lakumanzere, analinyamula, ndipo anatembenuka kuyang'ana kumwamba ndi kumbuyo ngati kukubwera ndege ina. Chizindikiro chinaperekedwa. Kutsogolo kwanga chingwe chinayamba kukwawa m'udzu ngati njoka, chikuwongoka. Chikangolimba, ndegeyo imathothoka ngati mwala wa legeni.

Apo m'pamene ndinaona chitenje chobiriwira kudzanja lamanja.

Apongozi ankabwera mwaulemu wonse, atawerama pang'ono, nkhope atayang'anitsa kumbali kuti asandione m'maso. M'manja awiri ananyamula kajumbo ka mtedza wokazinga umene anabwera nawo kuchokera kumudzi. Kwathu munthu sanyamuka ulendo osaperekezedwa, komanso sapita wopanda kamba. Diana anali m'basi muja akuyamwitsa, choncho iwo anaona kuti ntchitoyo yawagwera. Anali atafika kutsogolo kwenikweni kwa phiko lakumanja, phazi lawo lili pafupi ndi chingwe.

Sindibisa, pakamwa panga panayamba kufunafuna Diana. Koma dzanja lamanzere linali litakoka kale kachogwirira kachikasu komasulira chingwe. Chinagwa pansi kuti khwethe! Ndinakankha kawindo, n'kukuwa m'Chingerezi kuti zonse ziime, kenako ndinatembenukira kwa apongozi, maso ndi maso, n'kukuwa m'chilankhulo chathu. Mawu anga anamveka mpaka kushedi.

Apongozi anadumphira kumbuyo, kajumbo kanagwa, mtedza unamwazika m'udzu. Chingwe chopanda kanthu chinawadutsa chikulira mluzu, makina asanazime. Joan anatula phiko n'kuthamangira kwa iwo, nkhope itafiira, akupepesa kuti sanawaone. Diana anatuluka m'basi mwana ali kubere.

"Mayankho! Wawalankhula bwanji amayi?"

"Bwanji sunawagwire? Ndinakuuza kuti asadutse chingwe cha malire!"

"Ndiwagwire ndi chiyani, mano? Manja onse ali ndi mwana wako!"

Manyazi aakulu anandigwira. Ndinaganiza kuti basi, tsiku latha, mlendo wanga wasokoneza bwalo lonse. Kumbuyo kwanga a Thompson anatsokomola.

"Dzanja langa linafika pakachogwirira utamasula kale," anatero. "Sindinamve zimene wawauza, koma ndikuganiza kuti nkhosa za kuphiri uko zamva. Joan, kolanso chingwe. Mvula sidikira."

Tinauluka ulendo umodzi limodzi, ine ndikuyendetsa. Titatera anatuluka, anamanga malamba a mpando wopanda munthu kuti asakole zowongolera, n'kugogoda chivindikiro.

"Pita wekha. Ukazungulire kamodzi, utere pomwe pano."

Za kumwambako ndilibe zambiri zonena. Ndegeyo inapepuka, inakwera msanga kuposa masiku onse, ndipo ndinkalankhula ndekha ngati wamisala. Pansi ndinkaona mipanda yamiyala, nkhosa, ndi kadontho kobiriwira kataima patali kwambiri ndi chingwe. Ndinatera madontho oyamba a mvula akugunda galasi.

Tinakwera galimoto kubwerera kunyumba. Titayandikira mzinda, apongozi anayankhula ali kumbuyo, akuyang'ana pawindo.

"Diana, uwauze a Mayankho kuti mtedza wina ulipo kunyumba. Uwauzenso kuti mawu ali nawo. Ndinkayesa ndi osalankhula."

"Uwauze amayi kuti ndapepesa," ndinatero.

"Ndatopa nanu nonse," anatero Diana. "Mwayamba kale kulankhulana, pitirizani."

Sitinapitirize. Mpaka tsiku limene anakwera ndege ya injini kubwerera kumudzi, zonse zinkadzerabe kwa Diana. Choncho mawu oyamba amene ndinalankhula kwa apongozi anga maso ndi maso ndi okhawonso mpaka lero. Anali akuti, "Chokanipo apo, inu!"