Kachitsulo m'Chikope cha a Lameki

"Funso lachisanu," anatero Hilda, pepala lili pabondo. "Kodi anachitidwapo opaleshoni ina iliyonse?"

"Ayi," anayankha mayi ake, a Gladys. "Abambo akowa mpeni wa kuchipatala sunawakhudzepo."

A Lameki anali pampando wa ndalema pakhonde. Anali atavekedwa kale jekete la kutchalitchi ndi nsapato zopolisha, ngakhale galimoto yowatengera ku Blantyre inali yoti ifika cha m'ma teni koloko. Dzanja lawo lamanja linangogona pantchafu ngati la munthu wina. Panali patapita miyezi itatu chigwereni ndi sitiroko pamsasa wawo wosemera ziboliboli pafupi ndi Mua, ndipo kuyambira tsiku limenelo pakamwa pawo pankatuluka liwu limodzi lokha.

"Ndiye... ndiye..." anatero, akuyang'ana pepala la mwana wawo.

Hilda anali atagwira ntchito yofufuza za ubongo kwa zaka khumi ndi ziwiri. Zisanu mwa zakazo anakhala kunja, zotsalazo ku Blantyre. Ankagoneka anthu m'makina aakulu ojambula m'mutu, kenaka n'kukhala masabata akuyang'ana zithunzi kuti aone mbali ziti za ubongo zimayankhulana, ndi ziti zimene zaleka. Pamudzi ankazifotokoza chonchi: ubongo uli ngati midzi yambiri, ndipo iye amayang'ana milatho ya pakati pake. Atapempha kwa milungu ingapo, mkulu wa kafukufuku anamupatsa theka la ola m'makinawo kuti ajambule bambo ake. Chotsala chinali pepala la mafunso limene aliyense amayankha asanalowe.

"Adokotala osabaya jakisoni, fulumirani," anatero Chakufwa, mlongo wake wamkulu, amene ankamata chubu cha njinga yake ya kabaza pansi pa khonde. "Mafunso onsewa ngati tikufunsira mbeta?"

"Inu matani chubu, achimwene. Mwezi wonse mukumata malo amodzimodzi."

"Iii, koma chubu changa chikachira chimayenda. Odwala anu angati anayendapo?"

Hilda anamwetulira pang'ono. Anatembenuza pepala.

"Funso lachisanu ndi chiwiri. Kodi m'thupi mwawo muli chitsulo chilichonse? Chipolopolo, msomali, kachidutswa kena kalikonse?"

"Mulibe," anatero a Gladys, Hilda asanamalize n'komwe. Anaweramira chikwama cha ulendo, n'kuyamba kukonza zovala zimene anali atakonza kale.

Chakufwa anaseka. "Mulibe bwanji, amayi? Nanga matsenga aja a maginito?"

"Iwe, kamwa yako ija."

"Matsenga ati?" anafunsa Hilda.

"Ohoo, paja iwe unali ku sekondale yogonera konko." Chakufwa anapukuta manja pabuluku. "Ababa ankakhoma tchizulo ndi hamala, kachidutswa kanathetheka n'kulowa apa, pamwamba pa diso lakumanzere. Bala linapola, koma kachitsulo kanatsalira. Amayi anati tisakuuze, unali pafupi kulemba mayeso. Dikira uone."

Anapisa dzanja m'bokosi la zipangizo n'kutulutsa maginito ozungulira a wailesi yakale, amene ankatolera timanati tikagwera mumchenga. Anakwera pakhonde, n'kuwafikitsa pafupi ndi nkhope ya bambo ake. Khungu la pachikope, pansi penipeni pa nsidze, linatukuka ngati kachiphuphu. Atachotsa maginitowo, linabwerera. A Lameki anamwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa. Kanali koyamba Hilda kuwaona akumwetulira chibwerereni.

"Ana a pamsasa ankawapatsa mango kuti awaonetse zimenezi," anatero Chakufwa.

"Chotsani, achimwene. Ikani kutali." Hilda anagwada, n'kukhudza chikopecho ndi chala. Kanalimodi, kolimba, kakang'ono ngati njere ya therere. Pepala lija linali litagwera pansi. Kenaka anatembenukira kwa mayi ake.

"Amayi, sabata yatha pafoni ndinakuuzani kuti m'makina muja salowa munthu ngakhale ndi pini ya m'tsitsi. Munakumbukira za kachitsuloka?"

"Ndinakumbukira."

"Ndiye mwati mulibe?"

"Kanthu kakang'onong'ono ngati kameneko? Zaka makumi awiri kali momwemo, sikanawapwetekepo. Lemba kuti mulibe. Adziwa ndani? Makinawo si ako?"

"Makina aja ndi maginito, amayi. Awa a achimwenewa ndi choseweretsa. Aja amakoka mpando wachitsulo kuchokera pakhomo la chipinda. Kachitsuloka kakhoza kusuntha n'kuboola diso."

A Gladys analeka kukonza chikwama. Anayang'ana amuna awo, kenaka mwana wawo.

"Maso ali nawo awiri," anatero motsitsa mawu. "Pakamwa m'pamodzi."

Chakufwa anatsika pakhonde mwakachetechete, n'kubweza maginito m'bokosi. Panjira panadutsa amayi awiri atasenza mitolo ya nkhuni, ndipo mmodzi anakuwa kuti ayende bwino, akabwereko ndi nkhani. Dzulo lake amayi a kumphakati anali atabwera kudzapemphera, ndipo a Gladys anawauza onse kuti a Lameki akupita kumakina a mwana wawo kukatsegulidwa pakamwa. Hilda anamva zimenezo ali m'nyumba, koma sanatuluke kukakonza mawuwo. Tsopano anaona kuti bodza loyamba silinali la mayi ake.

"Amayi, khalani pansi," anatero. "Ngakhale kachitsuloka pakanapanda, makina aja sachiza. Amangojambula. Akanandionetsa milatho imene yakokoloka ndi imene yatsala. Basi."

"Ukaiona milathoyo, n'kutani?"

"N'kudziwa pamene pali vuto."

"Vuto ndikulidziwa ine, wosapita kunja. Lili pakamwa." A Gladys anakhala pamphasa, miyendo ataitambasula. "Nanga zaka zonsezi, ndege zonsezi, umaphunzira chiyani, mwanawe?"

Hilda anafuna kunena za mapepala amene analemba, za ana ochira malungo a muubongo amene anawajambula, za chiyembekezo chakuti tsiku lina zithunzizo zidzathandiza madokotala. Zonsezo zinali zoona. Koma panalibe chimodzi chimene chikanafika pakhonde limenelo m'mawa umenewo.

"Kuona," anayankha. "Ndinaphunzira kuona."

"Musatero, amayi," analowererapo Chakufwa. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono yake iti? Miyezi itatu ndadekha." A Gladys anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Inu simukudziwa. Tsiku limene anagwa ndinawapititsira phala kumsasa. Anandiyang'ana n'kunena kuti, 'Ndiye, Nabanda...' Sanamalize. Tchizulo inagwa, iwo n'kutsatira. Zaka makumi anayi ndakhala ndikuwauza kuti amalongolola ngati wailesi. Lero ndikungofuna ndimve kuti ndiye chiyani. Kaya ankafuna kunena kuti phala lachepa shuga, ndimve basi."

Palibe anaseka. A Lameki anayendetsa dzanja lawo labwinolo pampando, milomo ikunjenjemera, koma mawu sanabwere.

"Nanga akachotse kaye kachitsuloko kuchipatala?" anafunsa Chakufwa.

"Kuwang'amba pafupi ndi diso, akumwa mankhwala osungunula magazi, kuti ine ndipeze chithunzi?" Hilda anapukusa mutu. "Chithunzicho ndimachifuna ndine, achimwene. Ndinalibe china chowabweretsera."

Foni yake inalira. Anali a Henry, dalaivala wa kuntchito kwake, kunena kuti adutsa pa Golomoti, awakonzere odwalawo. Hilda anayang'ana mayi ake. Maso awo ankapemphabe. Pepala linali pansi pomwe linagwera, funso lachisanu ndi chiwiri lili losayankhidwa. Kungolemba liwu limodzi, galimoto ikanafika, anthu akanaimika manja m'mbali mwa msewu, ndipo mayi ake akanakhala ndi chiyembekezo mpaka mawa lake masana.

"A Henry, pepani," anatero. "Bwererani. Ulendo walephereka. Muwauze akulu a kafukufuku kuti theka la ola lija apatse wina."

Anatola pepala, n'kulemba kuti inde, chitsulo chilimo, chikope chakumanzere. Analipinda n'kuliika m'thumba, ngakhale panalibenso woti akaliwerenge.

A Gladys anadzuka n'kunyamula chikwama. Pakhomo anaima. "Kumphakati ndikanena kuti chiyani?"

"Ndikanena ndine, amayi."

A Gladys anatembenuka. Analowa, ndipo Hilda anamva chikwama chikuikidwa pansi, osatsegulidwa.

Dzuwa linali litafika pakhonde, ndipo thukuta linkatsika m'khosi mwa a Lameki. Hilda anawavula jekete, kuyambira dzanja labwino monga anamuphunzitsira anamwino. Kenaka anagwada n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato. Anamva dzanja la bambo ake, lokhakhala ndi zipsera za tchizulo, likutera pamutu pake.

"Ndiye..." anatero a Lameki.

Hilda analeka kumasula. Chakufwa anaimitsa pampu. M'nyumba, mapazi a mayi awo anabwerera mpaka pakhomo. Onse atatu anadikira, monga ankachitira tsiku lililonse.