Masikirini Atatu a Kumapeto

"Afanso!" anakuwa a Wailesi, akumenya kiyibodi ndi zala zonse. "Amisiri, thamangani asanadzuke!"

Pomwe Amisiri ankafika kuchokera m'chipinda chozizira mokhala chimakina chachikulu, masikirini atatu a kumapeto anali atayakanso, zilembo zobiriwira zili m'malo mwake.

"Ndi khalidwe la matenda limenelo," anatero a Wailesi, kalaliki amene dzinali analipeza chifukwa chosatseka pakamwa. "Akangomva nsapato za dokotala, amabisala."

Amisiri sanaseke. Linali tsiku lawo lachitatu pa nkhokwe ya mankhwalayi, ndiponso sabata yachiwiri chibwerereni kuntchito ataika amuna awo m'manda. Anthu akamayankhula, mawu ankawafika ngati akuchokera kuseri kwa khoma. Ankadya poti nthawi yakwana, ankagwira ntchito poti manja ankaidziwa okha.

M'chipindamo munali matebulo asanu ndi limodzi a makalaliki olemba maoda a zipatala. Masikirini awo analibe nzeru zawozawo. Onse ankadalira chimakina chija kudzera pa waya umodzi wodutsa tebulo ndi tebulo ngati ulusi wa mikanda. Kangapo patsiku, atatu omalizawo ankangozima. Oda yolembedwa theka inkasowa, ndipo magalimoto onyamula mankhwala ankangoima panja.

Amisiri anali atasintha sikirini imodzi. Anali atasamutsa waya pa chimakinacho, kuuyeza, n'kuupeza uli bwinobwino. Kaundula wa makinawo ankangonena kuti kulumikizana kunaduka, nthawi yakuti, kwa mphindi zakuti.

Bwana wa nkhokweyo analowa foni ili m'manja.

"Chipatala china chaimba kachitatu, mankhwala a shuga awathera. Mayi, lero ndikufuna lipoti. Mundiuze chawonongeka, kapena amene akuwononga."

"Ndamva, bwana."

Amisiri anatseka bokosi la zida. Anakoka mpando n'kukhala kumbuyo kwa chipinda, kope pamiyendo, osakhudzanso kanthu.

"Ntchito zina n'zabwino," anatero a Wailesi. "Kulandirira kuonera anzako akutuluka thukuta."

Ola linatha. Makina osindikizira ankalira, ntchentche imodzi inkazungulira pazenera. Ili pafupi kukwana leveni, maso a Amisiri anagwera pansi pa tebulo lachinayi, pomwe pankakhala a Madala, kalaliki wakale kuposa onse. Mwendo wawo wamanja unali utayamba kunjenjemera wokha. Bondo linkagunda thabwa la pansi pa tebulo, pomwe panakhomedwa kabokosi kolumikizira waya. A Madala anatsitsa dzanja mwakachetechete n'kupanikiza mwendowo.

"Afanso!" anakuwa a Wailesi.

Amisiri analemba nthawi m'kope. Zinachitikanso kawiri lisanafike dzuwa pamutu, ndipo kawiri konse bondo ndilo linkayamba.

Ena atatuluka kukadya, Amisiri anagwada n'kulowa pansi pa tebulolo ndi tochi. Kabokosiko kanali kokhwefuka, timano ta mkati titadyeka. A Madala sanapite kukadya. Anangokankhira mpando kumbuyo.

"Mwaona, mwanangu," anatero.

"Ndaona kabokosi, bambo."

"Mwendonso mwauona."

Amisiri anatuluka pansipo n'kukhala pa simenti.

"Unayamba liti?"

"Chaka chatha. Poyamba unkachita usiku wokha. Kunyumba sakudziwa, amati ndi kuzizidwa." Anasisita bondolo. "Yatsala miyezi isanu ndi itatu kuti ndipume pantchito mwaulemu. Abwana akadziwa, andiuza kuti ndikapumire kunyumba mawa lomwe."

"Munkadziwa kuti ndi tebulo lanu?"

"Ndinkakayikira. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndikananena za waya, ndikanadzinenanso ndekha."

"Anthu akudikira mankhwala, bambo."

"Ndikudziwa. Ndikawerenga maoda, ndimaona nkhope zawo."

Amisiri anadikira kuti mkwiyo ubwere, kapena chisoni. Sipanabwere kanthu. Anangoona kuti nsapato imodzi ya a Madala inali yomangidwa ndi chingwe cha mtundu wina.

"Amuna anga nawonso ankati ndi kuzizidwa," anatero, mawu ake osakwera osatsika. "Tinapita kuchipatala mochedwa."

A Madala anatsegula pakamwa kuti apepese, koma Amisiri anali atatembenukira kale ku bokosi la zida. Anadula waya, n'kuika kabokosi katsopano. Sanakabwezere pathabwa. Anakakhoma pakhoma, pamwamba pa tebulo, pomwe mwendo wa munthu sungafike.

"Gwedezani tebulo."

A Madala anagwedeza pang'ono.

"Mwamphamvu."

Anagwedeza mpaka zolembera zinagwa. Masikirini sanaphethire n'komwe.

Masana onse sanazime. A Wailesi anati makinawo aopa nkhope ya Amisiri, ndipo anapempha kuti asiye chithunzi chawo pakhoma. Magalimoto anayi anatuluka pageti.

Bwana anawerenga lipoti ali chiimire. Linali la mizere iwiri: cholumikizira cha pa tebulo lachinayi chinali chotha ndi chokhwefuka, chasinthidwa ndi kusamutsidwa.

"Basi? Masiku atatu, kabokosi kokha?"

"Kokha, bwana."

"Anakakhwefula ndani?"

"Kakhala pamenepo zaka zambiri."

Bwana anawayang'ana kanthawi, kenako anasaina.

Amisiri anapinda pepala lawo, ananyamula bokosi la zida n'kutuluka. M'khonde anakumana ndi a Madala, ataima pafupi ndi chitseko cha bwanayo, chipewa chili m'manja.

"Ndikukapempha tsiku limodzi," anatero a Madala motsitsa mawu. "La kuchipatala. Akafunsa chifukwa, sindikudziwa chomwe ndinene."

Mwendo unali utayambanso, buluku likugwedezeka poyera. Sanaugwire.

Amisiri anagwedeza mutu n'kuwapatukira. Akutsika masitepe, anamva kugogoda katatu kumbuyo kwawo, kenako mawu a bwana akuti, "Lowani."